Tsiku limene anakhuthula madzi anga pamaliro

Ena ndikawauza amati ndikupeka, koma izi zinandichitikira ine mwini ndili Folomu 1.

Chaka chimenecho kolera anali atavuta m'madera ena, kwathu kufupi ndi Namitete kuli zii. Alangizi a zaumoyo anabwera kusukulu natiuza kuti kuli kompyuta imene anaiphunzitsa ndi zolembedwa za zaka zambiri, za mvula, zitsime, masiku a msika ndi odwala, moti tsopano imatha kuyerekeza kumene matenda angalowere asanafike. Pa mapu amene anationetsa pafoni, dambo la kwathu linali lofiira psuu.

Ine ndi chimwemwe cha nzeru zatsopano, ndinathamangira kuchitsime cha kudambo n'kuwauza amayi amene ankatunga kuti mwezi sutha matenda afika, ndipo ayambira nyumba za kumunsi, uku ndikuziloza ndi chala. Za kompyuta sindinafotokoze n'komwe. Amayi ena anandifunsa ngati kusekondale akutiphunzitsanso kuombeza ula, anzawo n'kufa nazo kuseka.

Patatha masabata atatu, mwana wa m'nyumba imodzi mwa zimene ndinalozazo anatsekula m'mimba, tsiku lachiwiri n'kumwalira.

Mukudziwa kuti pamaliro atsikana timatunga madzi. Nditangotula ndowa yanga, azakhali a malemuyo anainyamula n'kuikhuthula pansi anthu onse akuona, nanena kuti madzi a munthu wodziwiratu maliro samwedwa. Nyimbo inadukira pakati. Kodi munayamba mwayang'anidwapo ndi mudzi wonse, popanda ngakhale mmodzi wophethira? Kumbuyo kwanga bambo wina ananena kuti mfiti yaing'ono saisiya kuti ikule, ndipo ndinaona anyamata akuwerama kutola miyala. Mayi anga anandifunditsa chitenje chawo n'kundikoka, tinadzera m'munda wa fodya osacheuka.

Kuyambira pamenepo njira ya kusukulu ndinkayenda ndekha, kutchalitchi benchi yonse inali yanga, ngakhale mnzanga wapamtima ankayang'ana kumbali tikakumana. Alangizi aja anabwera kudzafotokoza, anagawa mankhwala othira m'madzi, anthu analandira ndithu, koma anawayankha kuti kompyuta ilibe chala. Mapeto ake mayi ananditumiza kwa achemwali awo ku Nambuma, kumene ndili mpaka pano, ndipo kwathu ndangopitako kawiri, kofika madzulo n'kubwerera m'mamawa.

Lero ndikukhulupirira kuti kompyuta ija sinalakwe, ndipo mayeso ndikakhoza ndidzaphunzira ntchito yoyerekeza kumene matenda angalowereyi, chifukwa mwana uja akanatha kupulumuka. Amene analakwa ndine, ponena za matenda ngati ndikulengeza zotsatira za mpira. Anzanga apasukulu, mukamva zoterezi yambani mwafotokoza mmene mwadziwira, ndipo mupite ndi munthu wamkulu. Ine ndinapita ndekha, ndipo ndekha ndinatsala.