Rabia ndi Mzere wa Pamwamba

Rabia Kassimu anabadwira pa chilumba cha Chisi, koma ine ndinamudziwira kumtunda kuno, kwa Mwambo, atadziwa kale kutaipa. Mu 1992, kapena kumayambiriro kwa 1993, sindifuna kunama, analembedwa ntchito pa kaofesi ka kafukufuku wa mpunga pafupi ndi Likangala. Anapezamo kompyuta yoyendera jenereta.

Abwana ake, a Gerishomo, anamuonetsa kuti pamwamba pa chikalata, nkhani isanayambe, munthu amatha kulamula makina kuti paliponse pamene apeza kachidule kakuti, azisindikiza mawu akutiakuti. Dzina la Pulezidenti ndi maulemu ake onse analimangirira ku zilembo ziwiri zotsogozedwa ndi kamzere kopendekera. Rabia anakondwa, poti dzinalo silikanalakwikanso.

Tsiku lina a Gerishomo ali ku Zomba, kunabwera a Enoki, tcheyamani wa chipani m'deralo, kudzaona ndondomeko ya chionetsero cha alimi. Anaima kumbuyo kwa Rabia, maso pa galasi la kompyuta.

"Iwe mwana wa Kassimu, dzina la Pulezidenti lili pati?"

Rabia analoza zilembo ziwirizo. A Enoki anati ndiye kuti walidula dzinalo, nkulitemanso ndi chikwanje. Anaitana mnyamata wa chipani, wa Yufi, amene anawaperekeza kuti aime pakhomo. Aliyense ankadziwa kuti ena anatengedwa pa zochepa kuposa izi, osabwerako.

Rabia anagwada napempha kuti angosindikiza tsamba limodzi. Makina anayamba kukwecha, pepala likutuluka pang'onopang'ono. Dzina linatuluka lathunthu, paliponse pamene linkafunika. A Enoki anawerenga ndi chala, kenako anafunsa kuti mawuwo achokera kuti poti iye sanawalembe. Rabia anawaonetsa mzere wa pamwamba.

A Enoki anauyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti munthu atasintha apa pokha, dzina lisintha paliponse?"

Yankho loona linali inde. Koma kuvomera kunali ngati kunena kuti dzinalo lingachotsedwe.

"Pamenepo sindinaphunzirepo, bambo."

A Enoki anapinda pepalalo nkuliika m'thumba, nati akafunsa kwa eni ake, akuluakulu a chipani.

Madzulo omwewo Rabia anafufuta mzerewo, nalemba dzinalo lonse ndi zala zake, malo ndi malo. Sanatengedwe. Koma mwezi utatha anabweza makiyi a ofesi, nakayamba kugulitsa mpunga ku doko. Anandiuza kuti mpunga sufunsa mafunso otere.