Wailesi ya Ba Chalwe Imathera pa 90

Ba Chalwe ayendetsa takisi mu Lusaka muno mpaka msana wawo unatengera kupindika kwa mpando. Anachoka ku Luapula ali mnyamata, lero mutu uli mbuu ndi imvi, koma m'mawa uliwonse amatulukabe m'mafulati a ku Kabwata kukalimbana ndi mzere wa magalimoto wopita m'tauni. Loweruka lokha ndiye galimoto imapuma, poti iwo ndi mkulu wa mpingo wa Sabata. Ndi munthu woti akati ayi, ngakhale mtima wawo womwe uwagwadire, sasintha.

Ayi wamkulu anamunenera mwana wawo wamkazi, Lukonde. Mtsikanayo atapeza ntchito youlutsa mawu pa kawailesi kena ka m'tauni, anauzidwa kuti azigwiranso Loweruka. Bambo ake anati m'nyumba mwawo simugona munthu woswa Sabata. Lukonde, amene anatengera liuma kwa bambo ake omwewo, ananyamula chikwama n'kupita ku Chelstone, ndipo patapita nthawi anakwatiwa komweko. Ku ukwatiwo kunapita mayi ake okha, ba Muriel. Kuyambira pamenepo dzina la Lukonde linkamveka m'nyumbamo pokhapokha ba Muriel akamaitana amuna awo kuti bashi Lukonde, kutanthauza bambo a Lukonde.

Chimene sankadziwa aliyense n'chakuti ba Chalwe ankamumva mwana wawo tsiku lililonse la ntchito. Akangotseka chitseko cha galimoto, chala chinkapita chokha pa batani, mawu a Lukonde n'kudzaza m'katimo: moni kwa omvera, msewu uti wadzaza, ku Makeni madzi abwera liti. Akaseka iwo ankadziwa kuti wadzuka bwino. Mawu akasasa ankadandaula tsiku lonse kuti mwanayu savala juzi. Kasitomala akati, "Uyu mukazi amakamba bwino," iwo ankangoti, "Ee, amayesako," maso ali pamsewu.

Ndiye tsiku lina anayatsa wailesi, kunangomveka phokoso ngati mvula pa malata. Anagwedeza mlongoti, anamenya dashibodi, osathandiza. Mnzawo wa pa renki ya matakisi ku Longacres, Spencer, ndiye anawauza kuti siteshoniyo anaisamutsira ku nambala ina, kupitirira 100.

"Manje imwe mudala simuzaipeza," anatero Spencer. "Motoka yanu ni ya ku Japan. Mawailesi yao yamasilila pa 90."

Zinalidi choncho. Ba Chalwe ankapotokola batani, nambala n'kukwera mpaka 90, n'kubwereranso pansi ngati galu womangidwa pa chingwe. Kunyumba wailesi yabwino inalipo, pamwamba pa firiji, koma akanaiyatsa bwanji ba Muriel akuona? Foni yawo ankaidziwa poyankha makasitomala basi, ndipo kupempha munthu kuti awatcherere kunali kudziulula. Anapirira milungu ingapo akumvera masiteshoni a anthu ena, a mpira ndi a ndale zosatha. Anatopa. Masiku anatalika, mabampu a ku Woodlands anayamba kuwapweteka kuposa kale, ndipo anazindikira kuti mwana wawoyo ankamusowa koopsa.

Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Anapita ku Kamwala, kwa Mwaba wokonza zamagetsi a galimoto, amene anawaikira kachipangizo kotchedwa ekisipanda, kokokera masiteshoni a pamwamba kuti alowe m'wailesi za ku Japan. Koma kachipangizoka kali ndi khalidwe lake: kamaunjika masiteshoni awiri pa nambala imodzi. Pomwe panayenera kukhala Lukonde panakhalanso mbusa wina wofuula, wothamangitsa ziwanda kuyambira m'mawa. Mkulu wa mpingo wa Sabata anakhala masiku angapo akulalikiridwa mokakamiza, akutchera khutu kuti mwina kuseri kwa aleluya amva mawu a mwana wake.

Lachinayi lina atatsitsa kasitomala ku Kabulonga, anaima pansi pa mtengo kuti awongole miyendo. Pamenepo mbusa uja anazilala, siteshoni ija n'kumveka bwinobwino. Nyimbo yotsegulira inali yomweyo, koma wolankhula anali mwamuna. Ba Chalwe anadikira, akuganiza kuti mwina wangogwirizira. Kenako mwamunayo anati, "Tipeleke moni kuli Lukonde wathu, wamene ali pa chuti ku nyumba. Mwana mwamuna, ba listener, wabadwa pa Mande! Mami na mwana bonse bali bwino."

Anazimitsa wailesi. Mdzukulu wawo woyamba, ndipo anamva limodzi ndi makondakitala a minibasi ndi azimayi ogulitsa tomato. Zinawawawa kwambiri, ndipo panalibe woti amuloze chala.

Atafika kunyumba masana anapeza ba Muriel avala chitenge chatsopano, pakhomo pali chikwama ndi bafa lapulasitiki losambitsira mwana.

"Muyenda kuti, bana Lukonde?" ba Chalwe anafunsa mayi a Lukondewo.

"Ku Chelstone," anayankha mosabisa. "Nizakwela basi."

"Na bafa mu basi? Ngenani mu motoka."

Ulendo wonse ba Muriel ankangonena kuti apa kumanzere, apo kumanja, chifukwa ba Chalwe, odziwa ngodya iliyonse ya Lusaka, nyumba ya mwana wawo sankaidziwa. Pa geti lobiriwira ba Muriel anatsika, natenga chikwama chokha, n'kulowa osacheuka. Geti analisiya lotsegula.

Ba Chalwe anakhala m'galimoto injini ikulira. Anayang'ana pagalasi, naona bafa lija lili phee pa mpando wakumbuyo. Anaimba hutala kamodzi, sikunatuluke munthu. M'nyumbamo munamveka kulira kwa khanda, kenako mawu aja, otopa, opanda phokoso lililonse pakati: "Mami, mwabwela na ndani?"

Anazimitsa injini. Mawondo analira potsika. Anatulutsa bafalo, nalikumbatira pachifuwa ndi manja awiri, n'kulowa pa geti chammbali kuti lisagunde.