Atithyolela madesiki pamsonkhano wa masankho

Monile mose, ana anga.

Chaka chino cha masankho ndakwanitsa zaka 79, koma za lelozi sindinazionepo.

Kusukulu kwathu kunabwela anthu atatu ofuna uphungu. Anyamata awo anatulutsa madesiki m'makalasi kuti anthu akhalepo. Woyamba anati adzamanga sekondale. Wachiwili anati adzakonza msewu kuti ogula fodya azifika kuno. Wachitatu, mzimayi, anati mwana sadzakhalanso pansi pophunzila.

Atayamba kuponya zitenje, anthu anakwela pamadesiki kuti awakhe. Ndinamva matabwa akulila. Matabwa amenewo ndi a mlombwa wanga, uja ndinagwetsa kumunda pamene makolofe tinkakhoma madesiki tokha.

Mayi wofuna uphungu uja ndinamuimitsa pagalimoto yake. Anati, "Adada, mukandivotela ndibweletsa achitsulo." Ndinati, "Mdzukulu wanga Tiwonge akulemba mayeso chaka chino. Alembela pabondo?" Anakweza galasi.

Kumunda kwatsala mlombwa umodzi, umene ndinasungila bokosi la malilo anga. Ndigwetse? Iwe Yotamu, mwanayo ndi wako, yamba ndiwe kuyankha.

Ndawelenga ndekha. Madesiki asanu ndi anayi athyoka, awili asowa, chitseko cha giledi 7 chazuka.