Tsiku limene ndinaimika alangizi pamzere

Nditalemba mayeso a Fomu 4, aphunzitsi athu a masamu anandipezera ganyu ya masiku atatu pa boma la Dowa. Mayi Nkhoma, mphunzitsi wa ku yunivesite ina, anabwera kudzaphunzitsa alangizi a zaulimi kagwiritsidwe ntchito ka chikompyuta chachikulu cha kusukulu kwawoko. Chimenechi sichinyamulika. Chimakhala komweko, ndipo munthu amachituma ntchito ali pa laputopu, kudzera pa intaneti. Ine ndinkalumikiza zingwe zamagetsi, kugawa timapepala ta pasiwedi ndi kufufuta bolodi. Mayiwo analonjeza kuti ndikagwira bwino andilembera kalata yondichitira umboni ku koleji, ndipo mtima wanga wonse unali pa kalatayo.

Tsiku lachiwiri anatipatsa ola limodzi lokha pa chikompyutacho, kuti mlangizi aliyense atumize fayilo yowerengera mvula ya m'dera lake. Titangoyamba, foni ya Mayi Nkhoma inalira. Akutuluka anati, "Tamanda, auze ayambe kutumiza. Zonse zimadikira pamzere."

Mzere ndiye ndimaudziwa. Ndinawatulutsa onse pakhonde, malaputopu ali m'manja, ndi kuwapempha mwaulemu kuti azilowa mmodzimmodzi, akuluakulu poyamba. Apa mpamene panavuta. A Chisale a ku Malomo anati wamkulu ndi iwo. A Banda a ku Chisepo anavula chipewa kuonetsa dazi, koma a Chisale anayankha kuti dazi si zaka, ngakhale khanda limabadwa nalo. Pofuna chilungamo, ndinaitanitsa ziphaso za onse.

Mayi Nkhoma anandipeza ndikuwerengera zaka pachikhatho, theka la ola litapita, fayilo ngakhale imodzi isanatumizidwe. Iwo anayang'ana mzerewo, kenako ine.

"Mwana iwe, kuchigayo chimakhala pamzere n'chiyani, munthu kapena thumba?"

Ndinayankha chapansipansi kuti thumba. Anafotokoza kuti onse amatumiza nthawi imodzi, ndipo chikompyutacho chimandandalika chokha mafayilowo, kuyang'ana kukula kwa ntchito ndi nthawi imene wapempha. Alangizi anathamangira m'kati, ukulu utaiwalika. Ola linatha fayilo ya a Chisale yokha ikudikirabe, ndipo anadandaula kuti makinawo sanaleredwe bwino.

Kalata ija anandilemberabe. Muli chiganizo chakuti ndimatha kusunga dongosolo pakati pa anthu akuluakulu, ndipo pondipatsa ankadziluma mlomo kuti asaseke. Kuyambira pamenepo, ndikamva mawu amene ndikuganiza kuti ndimawadziwa kale, ndimayamba ndafunsa kaye tanthauzo lake.