Mzungu wa M'dzenje la Dothi

Kuseri kwa phiri, ukamachoka ku Senga Bay kulowera ku Lifuwu, kuli dzenje limene azungu anakumba kalekale pofuna miyala yopangira zitini. Anthu sankafikako. Ankati kapitawo wachizungu anakwiririka momwemo, ndipo dzuwa likafika paliwombo amatsokomola n'kumaitana antchito ake.

Ine ndinkafikako. Makolo anga atamwalira ndinakulira kwa agogo anga aakazi, oumba mbiya, ndipo dothi lawo lonse linkachokera m'dzenjemo. Mbiya zawo sizinkang'aluka pamoto. Anzawo akafunsa za dothilo, ankangoloza kudambo.

Tsiku lina tikukumba ndinawafunsa ngati sankaopa.

"Kuopa ndani? Mzunguyo ndinamuumba ndine," anatero. "Anakumba chaka chimodzi, sanapeze kanthu, malungo anawathamangitsa onse amoyo. Chifuwacho ndinawonjezera mkazi wa kalipentala atayamba kundilondola kuti aone kumene ndimatapa dothi."

Kenaka mbuzi ya msodzi wina inagweramo n'kuthyoka mwendo. Anthu anati kapitawo wayamba kulemba ntchito ziweto, mawa atenga ana. Mkulu wa mpingo ndi shehe, amene sankagwirizana ngakhale pa za kumene mvula ichokere, anagwirizana kuti dzenjelo likwiriridwe Loweruka.

Agogo sanadye masiku awiri. Loweruka m'mawa anakaima pakamwa pa dzenjelo, amuna akubwera ndi makasu ndi mafosholo.

"Ana inu, mulibe mzungu muno. Ndinanama ndine. Ndimatapamo dothi basi."

Mkulu wa mpingo anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Amayi, kodi akuyankhulawa ndinu?"

"Nanga ndani, amako?"

"Mwamva?" anatero msodzi uja. "Wawalowa! Akudzikana yekha!"

Agogo anapsa mtima. Anaiwala za mawondo awo, anatsetserekera pansi ngati mtsikana, n'kutuluka atakumbatira chibuma cha dothi, ali mbuu mpaka kumaso. Amene anali kumbuyo anayamba kukumbukira kuti anasiya maukonde padzuwa.

"Astaghafirullah," anatero shehe. "Abale, tikamukwiririra nyumba yake, akakhala kuti? Si asamukira m'mudzi?"

Makasu anabwerera kwawo osalawa nthaka.

Dothi linapulumuka. Koma m'mudzimo panalibenso wofuna kumwa madzi a m'mbiya ya agogo. Kuyambira pamenepo tinkazimangirira pa kabaza, udzu pakati, kupita nazo kumsika wa ku Salima kumene sankatidziwa, agogo akutsatira pambuyo pa kabaza wina n'kumakalipira wopalasa wakutsogoloyo pa bampu iliyonse.