Chitini Chodontha cha a Nesi

M'mawa umenewo a Nesi anapeza mbande zawo zonse za tomato zitagona. Zinali m'zitini makumi awiri zimene anazindandalika pansi pa tebulo, ndipo dzulo lake zinali zili chiimire. Tsopano kalikonse kanali katathyokera m'tsinde, pamene kamakumana ndi dothi, pataonda ngati ulusi wonyowa. Pamwamba pa dothi panali patayala nkhungu yoyera.

Aka kanali kachiwiri.

Anakhala pansi, miyendo tambalale, osalira n'komwe. Anatsegula kapepala kosungiramo mbewu. Njere zotsala sizikanadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi.

Inu amene mukuti ameneyu ndi tomato chabe, tadikirani ndikuuzeni chimene chinali m'zitinimo.

Mayiwa sanali nesi. Ku sukulu ya unesi sanapondeko. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pa mdadada wa nyumba za lendi, chifukwa cha zaka zitatu zimene anadwazika mwamuna wawo wodwala chifuwa. Zinali zaka zitatu zotseka zenera kuti mphepo isalowe, zofunditsa bulangete, zomwetsa madzi ndi supuni ola lililonse. Pamene bamboyo ankatsikira kuli chete, ntchito ya mayiwa yochapa zovala mu hotela inali itapita kalekale. Alamu awo, mlongo wa malemuyo, anatenga mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu.

"Alamu, sindikukulandani mwana ayi," anatero. "Koma chikondi chokha sichingamudyetse. Mukapeza ntchito mudzamutenge."

Mawuwo anawawa chifukwa anali oona. Chinawonjezera ululu n'chakuti amuna awo a alamuwo anawasamutsira kutali pa ntchito, ndipo banja lonse linali kudzanyamuka nyengo yozizira ikangotha. Ntchito ikapanda kupezeka, mwana adzapita nawo.

Ndiye kunamveka kuti sukulu ina yogonera komweko ikufuna munthu wosamalira nazale ya dimba lake. Ofuna ntchitoyo anabwera atatu. Kapitawo wa dimbalo, munthu wosaseka wamba, sanafunse za masatifiketi. Anangopatsa aliyense kapepala ka mbewu.

"Kunja kukuzizira, mukafesere m'nyumba," anatero. "Pakatha masabata khumi mubwere ndi mbande zana limodzi zoti tiwokere. Mbandezo ndi zimene zidzakulankhulireni."

A Nesi anali asanafesepo kanthu chibadwire, koma kusamalira chinthu chofooka ankakudziwa. Anakakumba dothi lakuda lonona m'mbali mwa ngalande, n'kulitsendera m'zitini. Njere anazikwirira mwakuya kuti zisamve chisanu. Zitini anaziika pansi pa tebulo pamene sipafika mphepo, n'kufunditsa nsalu. Kuthirira kunali m'mawa, masana ndi madzulo, ndi supuni yomwe ija. Kunena mosapsatira, anagoneka tomato m'wodi.

Ulendo woyamba zambiri sizinamere, ndipo zochepa zimene zinamera zinagwa. A Nesi anati mwina sindinasamale mokwanira, n'kuwonjezera madzi ndi nsalu. Zotsatira zake ndi zimene taziona zija. Masabata asanu anali atapita.

Chimene chinkawadya mumtima si tomato ayi. Anali atayamba kukhulupirira kuti chilichonse chimene manja awo asamala chimafa.

Ananyamula zitini ziwiri kuti akakhuthule kudzala. Pakhonde anapeza neba wawo wosoka nsapato ali pa kampando kake, ulusi kukamwa. Bamboyu pakamwa pake sipankauma nthabwala.

"Aneba, odwala agona bwanji ku wodi?"

"Amwalira onse, aneba."

Wosoka nsapato anachotsa ulusi kukamwa. Anaona kuti lero si tsiku loseka. Kenako analoza ndi chibwano kuseri kwa mulu wa nsapato zake.

"Nanga awa ali apawa ndi a ndani?"

Pakhoma la khondelo, pamalo pamene dzuwa la m'mawa limafika, panali chitini chimodzi chadzimbiri. A Nesi anachizindikira. Tsiku lofesa kachiwiri dothi lakuda linawathera, ndiye m'chitini chomaliza anasakaniza ndi mchenga wa pabwalo. Atathirira chinayamba kudontha n'kudetsa simenti, ndipo anachitulutsa mokwiya n'kuchiiwala. Tsopano munali timbande tisanu, tafupitafupi, tonenepa m'tsinde, tili biriwiri.

"Mwakhala mukuthirira ndinu?"

"Kuthirira kwake kuti? Madzi onyowetsera chikopa akatsala ndimakhuthulira momwemo. Mwina kawiri pa sabata, ndikakumbuka." Anakanda m'mutu. "Ine za mbewu sindizidziwa, aneba. Ndimadziwa nsapato. Phazi mukalitsekera mu nsapato yonyowa, yosapita mphepo, limawola. Basi."

A Nesi ananyonyomala, n'kuika chitini chawo chimodzi pambali pa chodonthacho. Anapisa chala m'dothi lakuda lija. Linali thope lozizira, lonunkha. Anapisa m'linalo. Linali lofewa, lachinyezi pang'ono chabe. Anatembenuza zitini zonse ziwiri: china chinali ndi bowo, china chinalibe. China chinkaona dzuwa ndi kupitidwa mphepo, china chinali mumdima pansi pa nsalu.

Manyazi anawagwira, komano pansi pa manyaziwo panabwera chinthu china chimene anali atachiiwala kukoma kwake. Mtima unatsika. Mbewu inali yabwino. Manja awo analibe tsoka lililonse. Panali zolakwika zinayi kapena zisanu zokha, ndipo zonse zinali zotheka kukonza.

Apa m'pamene analira, ndipo wosoka nsapato anayang'ana kumbali ngati wataya singano.

Tsiku lomwelo ntchito inayambika. Dothi lakale anakalitaya kutali, poti matenda anali momwemo. Zitini anazitsuka ndi sopo ndi madzi otentha, n'kuziyanika padzuwa. Wosoka nsapato anatenga msomali ndi hamala n'kubowola mabowo anayi pansi pa chilichonse. Dothi latsopano anasakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana bwino, n'kulithira madzi owira, n'kulisiya lizizire. Njere anaziika pamwamba chabe, motalikirana, n'kuwaza dothi lochepa longozibisa.

Kenako anakokera tebulo pazenera. Zitini zinakwera pamwamba.

Zeneralo linakana kutseguka. Linali litakhala chitsekere zaka zinayi, ndipo dzimbiri linali litagwira zolumikizira. Mpaka hamala ija inagwiranso ntchito. Litatseguka, mphepo inalowa n'kugwedeza kalendala ya pakhoma, ndipo a Nesi anadzidzimuka n'kufuna kutsekanso. Anadzigwira.

Musaganize kuti chizolowezi chimatha tsiku limodzi. M'mawa mwake anapezeka ataima pa tebulo, supuni ili m'manja, dothi lidakali lonyowa. Anatuluka nayo panja.

"Aneba, ndisungireni supuniyi. Ngakhale ndilire musandipatse."

"Ndiisunga ngati mfuti," anatero wosoka nsapato, n'kuiponya m'bokosi la misomali.

Kuyambira pamenepo woweruza anali chala. Chikatuluka m'dothi chonyowa, madzi ayi. Chikatuluka chouma, ankaika zitini m'beseni la madzi ochepa kuti dothi limwe lokha kuchokera pansi. Masana zenera linkakhala lotsegula, dzuwa likapendeka n'kutseka kuopa chisanu.

Patsiku lachisanu ndi chiwiri timitu tobiriwira tinatumphuka. A Nesi sanasangalale msanga, poti zija zinafa nazonso zinamera. Anadikira masiku oopsa aja. Sabata inatha, mbande zili njo. Sabata ina inatha, masamba enieni a tomato anatuluka, aubweya, onunkhira ukawakhudza. Palibe kamene kanagwa.

Mavuto sanathe, koma tsopano ankabwera limodzilimodzi ngati anthu aulemu. Poyamba mbande zinayamba kutalika n'kupendekera kuzenera. A Nesi anayang'ananso chitini chodontha chija, chimene chinasanduka mphunzitsi wawo, n'kuona kuti zake n'zazifupi chifukwa kuwala zimakupeza mbali zonse. Anayamba kutembenuza zitini m'mawa uliwonse. Kumbuyo kwake anaimika kalilole amene malemu ankametera ndevu, kuti azibweza kuwala. Pamene zinathithikana anazipatula mosamala, n'kuziika m'mapaketi a mkaka odula pakati, nawonso obowola.

Kenako masamba a m'munsi anayamba chikasu. Kodi matenda aja abweranso? Anatenga paketi imodzi n'kukaonetsa mayi wina wogulitsa masamba pamsika, amene ankalima yekha. Mayiyo anangoyang'ana kamodzi.

"Palibe matenda apa, asisi, ndi njala iyi. Viikani manyowa m'madzi, musungunule mpaka aoneke ngati tiyi wa munthu womana. Kamodzi pa sabata."

Pasanathe masiku asanu mtundu unabwerera.

Sabata yomaliza inali yozizolowetsa kunja, kuti zisakadzidzimuke kudimba. Mayi uja anali atawachenjeza kuti azichita pang'onopang'ono. Tsiku loyamba anazitulutsa ola limodzi pamthunzi. Tsiku lachiwiri anati zione dzuwa pang'ono, iwo n'kupita kukatunga madzi. Kumpopi anapeza mzere wautali, ndipo wosoka nsapato anali atapita kukagula zikopa. Pobwera dzuwa linali paliwombo, mbande zonse zili lobodo, masamba atalendewera m'mbali mwa zitini.

Chidebe chinatsala pang'ono kugwa pamutu. Panatsala masiku asanu, ndipo njere analibenso ngakhale imodzi.

A Nesi akale akanazimiza m'madzi n'kuzifunditsa nsalu. Awa anazikokera pamthunzi, n'kuyang'ana m'tsinde. Munali molimba, mosaonda. Anapisa chala, anathira madzi pang'ono, n'kukhala pa sitepe manja ali m'khwapa kuti asachite china chilichonse. Kudikira kumeneko kunali kowawa kuposa ntchito yonse ija. Dzuwa litapendeka tsamba limodzi linadzuka. Kenako lina. Pamene wosoka nsapato ankafika ndi zikopa zake, mbande zonse zinali zitaima ngati sizinachite kanthu.

"Bwanji aneba, mwakhala ngati mwaona mzukwa?"

"Anakomoka chabe," anatero a Nesi, n'kuseka mpaka misozi.

Tsiku lija litafika anawerenga mbande. Zinali makumi asanu ndi atatu kudza zitatu, kuphatikizapo zisanu za m'chitini chodontha. Zana silinakwane. Anazilongedza m'mabeseni awiri, lina pamutu, lina m'manja, n'kunyamukabe.

Mwa atatu aja, mmodzi sanabwere. Wina anabwera ndi mbande zopitirira zana, zazitali, zotuwa, zotsamirana. Kapitawo anamufunsa mmene anazisamalira, iye n'kuyankha kuti zinangomera zokha. Atafika pa mabeseni a a Nesi, kapitawo anazula kambande kamodzi n'kuyang'ana mizu yake yoyera, yambiri. Anakapinda tsinde ndi chala, ndipo kanawongokanso kokha.

"Mayi, ndinati zana."

"Inde bwana. Zinandifera kawiri. Izi n'za njere zomaliza."

"Zinafa ndi chiyani?"

A Nesi anaganiza zonamizira mbewu kapena chisanu, koma ananena zoona. Anafotokoza za zitini zopanda mabowo, dothi lolemera, kukwirira mwakuya, mdima, zenera lotseka ndi supuni. Anafotokoza za chikasu ndi za kukomoka kwa masana kuja. Kapitawo anamvetsera mpaka kumapeto, kambande kali m'manja.

"Kuno mbande zimatifera chaka ndi chaka," anatero, "ndipo aliyense ndikamufunsa amati sakudziwa. Khumi ndi zisanu ndi ziwiri zoperewerazo tidzafesa. Lolemba mulawirire."

A Nesi anathokoza katatu. Atatuluka pageti anatsamira mpanda n'kupuma mpweya wautali, umene anakhala akuusunga chaka chonse.

Kwa alamu anapeza makatoni atamangidwa kale, mipando ili panja. Asanalankhule n'komwe, alamu anawayang'ana kumaso n'kukhala pa katoni.

"Mwaipeza eti? Mulungu ngwabwino. Zovala za mwanayu zokha ndinali ndisanalongedze, alamu. Manja ankakana."

Madzulo a tsikulo mayi ndi mwana anafika pa mdadada paja, kachikwama kali kumsana. Wosoka nsapato anatulutsa supuni ija m'bokosi la misomali, anaipukuta pa malaya, n'kuibweza ndi manja awiri. Mwana anathamangira kutsogolo, koma atafika pakhomo anaima. Chipinda chimene ankachikumbuka chinali chamdima, chonunkha mankhwala. Ichi chinali chowala, kalendala ikugwedezeka pakhoma.

"Amayi," anatero, "kodi zenera lija limatseguka?"

"Limatseguka, mwana wanga. Lisiye choncho."

Lero a Nesi ndiwo amayendetsa nazale ya pasukulu paja, ndipo wantchito watsopano aliyense amayamba ndi kumugwiritsa msomali ndi hamala. Chitini chodontha chija chikadali pazenera la kunyumba kwawo.

Inu amene zanu zagwa kawiri, ndipo mwayamba kunena kuti manja anu ngatsoka, musanakhuthule zonse kudzala tayang'anani kaye chimene chapulumuka, mufunse kuti chasiyana pati ndi zinzake. Funsani ndi neba yemwe, ngakhale akhale wosoka nsapato. Njere zatsala zochepazo n'zokwanira kuyambiranso. Mtima musautaye, fesaninso.