Tiyi Wobisa Nsonga

Ndikukumbukira chaka chimene kusukulu kwathu, kumunsi kwa esiteti ya tiyi, kunabwera aphunzitsi ochokera ku Rumphi, a Gondwe. Ankati zamoyo zimasintha pang'onopang'ono kuti zigwirizane ndi malo. Tsiku lina anatiuza kuti aliyense ajambule chomera cha m'tsogolo kwambiri, ife tonse titaiwalika. Anzanga anajambula mango aakulu ngati maungu. Ine, mwana wa mayi wothyola tiyi, m'mutu mwanga munalibe chomera china.

Tiyi wangayo anali atatopa nako kuthyoledwa. Akamva nsapato za kapitawo ankabisa nsonga zake pansi pa masamba okhwima, n'kutulutsa mizu yokola miyendo. Ankatsegukira manja okhakhala okha, akuda ndi utomoni ngati a amayi. Pambali ndinajambula kapitawo atagwa chagada, ndipo poti ndinali mtsikana wosamva, ndinamuveka chipewa chofiira ndi mimba yomwe aliyense pa laini ya nyumba za antchito ankaidziwa. Anali a Namakhwa, kapitawo wa amayi.

A Gondwe, pokhala mlendo, sanazindikire kanthu. Chithunzicho anachikonda, n'kuchimata pakhoma sabata yomweyo ya msonkhano wa makolo. Mvula inali kutha, nyengo imene kapitawo amasankha otsala pantchito ndi obwerera kumudzi. Amayi akanachotsedwa, nyumba ya pa laini ikanapita, ife n'kubwerera ku Nsabwe kumene kamunda kathu sikakanatidyetsa.

Pamsonkhanopo a Namakhwa anaima nthawi yaitali patsogolo pa chithunzicho, chipewa chofiira chomwecho chili m'manja. Amayi anandifinya mkono mpaka zala zinachita dzanzi. Kunyumba sanandimenye, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa chikwapu.

Loweruka masana tinangoona mimba ija ikutulukira pakati pa nthochi. Amayi anagwada n'kuyamba kupepesa m'Chilomwe, koma a Namakhwa anaitana ine. Anandifunsa kuti tiyi wangayo amatsegukira manja otani. Ndinayankha kuti okhakhala, akuda ndi utomoni. Iwo anatambasula zikhato zawo, zong'aluka, zakuda kuposa za amayi.

"Ine ndathyola tiyi amayi akowa asanakwatiwe," anatero. "Ameneyo sangandigwetse, andidziwa. Mande ukandidzutse pachithunzipo. Koma mimbayo uisiye, ndi yanga."

Amayi anaseka misozi ikutsika, ine mtima unakhala pansi moti ndinamva njala pomwepo. Mande ndinawadzutsadi a Namakhwa ndi labala, tiyi atawatsegukira. Amayi anagwira ntchitoyo mpaka anapuma okha.

Masiku ano ndikamadutsa m'minda ina ya tiyi popita ku Masambanjati ndimamva makina akulira, amuna ochepa akuwakoka pamwamba pa tiyi. Nyimbo za othyola sizimvekanso ngati kale. Ndikaganiza za tiyi wanga uja ndimamumvera chisoni, chifukwa akadzafika, manja oti awatsegukire adzakhala atatha.